Mafuta a Njere za Zomera: Ati, Pakhungu Lotani?

Mwezi wa June ukafika, mwera ukayamba kuomba, khungu ndi limene limayamba kuulula kuti nyengo yasintha. Miyendo imatuwa kuti mbuu, milomo imasweka, zidendene zimachita ming'alu, ndipo mwana akadzikanda pamwendo pamatsala mzere woyera ngati wa choko. Imeneyi ndi nyengo ya mafuta odzola. Zaka zapitazo pawindo la nyumba zambiri pankakhala botolo la Vaseline kapena la glycerine basi, koma lero m'masitolo ndi pamatebulo a mumsika mwadzaza timabotolo ta mafuta a malambe, a chammwamba, a nsatsi, a nimu, a kokonati, ndi ena ochokera kutali monga a argan a ku Morocco. Ogulitsa onse mawu awo ndi amodzi: "Awa ndi achilengedwe, mayi, mulibe makemikolo, ngakhale khanda mutha kulidzoza." Ambiri mwa onena zimenezi sakufuna kunamiza munthu, amazikhulupiriradi. Vuto ndi lakuti mawu oti "achilengedwe" satiuza kanthu za chimene mafutawo akachite akafika pathupi. Mafuta oyengedwa kuchokera ku njere ndi osiyana monga mmene zomera zake zilili zosiyana. Ena amathandiza khungu kudzikonza, ena amaligumula pang'onopang'ono, ndipo mafuta omwewo amene asalalitsa miyendo ya mayi angathe kudzaza ziphuphu pankhope ya mwana wake wamkazi. Funso loyenera kufunsa munthu asanapereke ndalama ndi lakuti: mafuta ake ati, akudzoledwa pakhungu lotani, ndipo akhala nthawi yaitali bwanji m'botolomo?

Kuti nkhaniyi imveke tiyambe ndi khungu lenilenilo. Pamwamba penipeni pa khungu pali kagawo kopyapyala kuposa pepala la m'kope, kamene asayansi amakayerekeza ndi khoma la njerwa. Njerwazo ndi maselo akufa, ophwatalala, osanjikizana mizeremizere, ndipo matope omangira ndi mafuta amene thupi limapanga lokha: ma ceramide, cholesterol ndi ma asidi a mafuta. Khoma limeneli limatsekera madzi m'kati kuti thupi lisaume, n'kutsekera kunja tizilombo, fumbi ndi zinthu zoyabwa. Amene anaonapo nyumba ya zidina matope ake atakokoloka ndi mvula akudziwa chimene chimatsatira: njerwa zikadalipo, koma mphepo ikungolowa. Khungu lotuwa la mu June lili chimodzimodzi. Mpweya wouma, madzi otentha, ndi sopo wochapira zovala amene ambiri timasambira zimachotsa matope aja, madzi n'kumathawa. Pano pali chinthu chimene ambiri sitichiganizira: m'mafuta mulibe madzi, ndiye mafuta sangathirire khungu. Chimene amachita ndi kuphimba pamwamba kuti madzi amene alimo kale asauluke msanga. N'chifukwa chake kudzola munthu atangotuluka m'bafa, thupi likadali lonyowa pang'ono, kumathandiza kuposa kudzola masana khungu litauma kale gwa. Pa ntchito yophimbayi Vaseline, amene Robert Chesebrough anamulembetsa ku America mu 1872, amaposa mafuta a zomera, pakuti amatseka pafupifupi madzi onse amene akanauluka, ndipo si kawirikawiri kuti awenge munthu. Mafuta a njere amaphimba pang'ono chabe. Mphamvu yawo ili pena: ena mwa ma asidi awo amalowa m'khoma muja n'kusakanikirana ndi matope. Ubwino wawo umachokera pamenepo, ndipo kuvulaza kwawo kumachokeranso pomwepo.

Mwa ma asidi ambiri opezeka m'mafuta a zomera, nkhani yagona pa awiri, linoleic ndi oleic. Linoleic thupi silitha kumupanga lokha, limayenera kumulandira kuchokera kunja, ndipo ndi amene khungu limagwiritsa ntchito pomanga ceramide wapadera womatiza njerwa zija. Mu 1929 George ndi Mildred Burr a pa yunivesite ya Minnesota anaona kuti makoswe omanidwa mafuta onse m'chakudya khungu lawo linkachita mamba, ndipo chaka chotsatira anasonyeza kuti chosowacho chinali linoleic. Mu 1974 madokotala a ku Britain analemba za odwala atatu amene matumbo awo sankatha kulowetsa mafuta m'thupi. Atawapaka mafuta a mpendadzuwa pamkono tsiku ndi tsiku, kusowa kwa linoleic kunachepa, moti ngakhale m'magazi mwawo asidiyu anakwera. Oleic khalidwe lake ndi lina. Akalowa pakati pa matope aja amawamasula, n'kusiya timipata. Opanga mankhwala amadziwa zimenezi, ndipo amaika oleic dala m'mankhwala ena opaka kuti atsegule njira, mankhwalawo alowe mwakuya. Kwa munthu wa khungu lolimba timipata timeneti sitioneka, khungu limadzikonza. Kwa amene khoma lake ndi losweka kale, monga khanda, nkhalamba, kapena wodwala nthenda ya khungu louma ndi loyabwa yotchedwa eczema, kumasula matope ndi kuwonjezera bala pabala. Tinenenso mongodutsa kuti amene amasakaniza mafuta otere ndi mafuta oyeretsa khungu, ati afewe, angakhale akutsegulira njira mankhwala oopsa a m'mafuta oyeretsawo kuti alowe kwambiri.

Zimenezi zinayesedwa pa anthu. Mu 2013 Simon Danby ndi anzake a pa yunivesite ya Sheffield anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa akuluakulu 19. Ena ankadzola madontho 6 a mafuta a azitona pamkono umodzi kawiri patsiku kwa milungu 5, ena ankadzola a azitona mkono uno, a mpendadzuwa mkono winawo, kwa milungu 4. Mafuta a azitona amachokera ku mnofu wa chipatso, osati ku njere, koma alowa m'nkhani ino chifukwa ali ndi oleic wochuluka, magawo 55 mpaka 83 pa 100 aliwonse, pamene mpendadzuwa wamba ali ndi linoleic woposa theka. Mkono wodzola azitona unafooka khoma lake ndi kufiira pang'ono, ngakhale kwa anthu amene sanadwalepo eczema. Mkono wa mpendadzuwa khoma lake linakhalabe lolimba ndipo unasunga madzi bwino. Taganizirani: mafuta amene amagulitsidwa modula, otamandidwa kuyambira masiku a m'Baibulo, anagonja kwa mafuta ophikira ndiwo. Tikayang'ana mafuta athu ndi diso limeneli tipeza kuti a chammwamba, ndi a mfula amene amayi a bungwe la Eudafano kumpoto kwa Namibia amatumiza kunja, ali ndi oleic pafupifupi magawo 70 pa 100. A malambe ndi osakanikirana, oleic, linoleic ndi palmitic ali pamlingo wosatalikirana kwambiri. Sindikunena kuti chammwamba ndi mfula ndi zoipa. M'mafuta muli zinthu zina zambiri kuwonjezera pa ma asidi awiriwa, ndipo mafuta a oleic wochuluka sawonongeka msanga. Ndikunena kuti munthu wa khungu losweka ali ndi chifukwa chomveka chowayesa mosamala. Ngakhale dzina loti mpendadzuwa silokwanira, pakuti pali mitundu yatsopano ya mbewuyi imene inakonzedwa kuti ikhale ndi oleic woposa magawo 80, ndipo botolo silinena nthawi zonse kuti muli mtundu uti.

Pamene nkhaniyi imalemera zedi ndi pa makanda, ndipo ikutikhudza, chifukwa lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa 100 aliwonse. Mwana wotere khungu lake silinamalize kumangika. Limataya madzi ndi kutentha, ndipo tizilombo timalowa mosavuta. Pachipatala cha ana cha Dhaka Shishu ku Bangladesh, Gary Darmstadt ndi anzake anatsata makanda 497 obadwa pa milungu 33 kapena isanakwane. Mwa amene ankadzozedwa mafuta a mpendadzuwa, matenda otengera m'chipatala anachepa ndi 41 peresenti, ndipo imfa zinachepa ndi 26 peresenti poyerekeza ndi amene sankadzozedwa. Izi si zazing'ono ayi, mafuta otsika mtengo kupulumutsa miyoyo. Koma akatswiri omwewo, poyesa mafuta osiyanasiyana pa mbewa za m'labotale mu 2002, anapeza kuti mafuta a njere za mpiru, amene mamiliyoni a makanda ku India, Nepal ndi Bangladesh amasisitidwa nawo kuyambira kalekale, ankachedwetsa khungu kudzikonza. Nawonso mafuta a mpendadzuwa sanapambane paliponse. Kafukufuku wamkulu wa m'midzi ya ku Uttar Pradesh ku India, wa makanda oposa 26,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, sanapeze kuti imfa zachepa pakati pa makanda onse. Ku Manchester, Alison Cooke anayesa makanda 115 obadwa masiku atakwana, ndipo anapeza kuti odzozedwa azitona ndi odzozedwa mpendadzuwa omwe, khungu lawo linali lonyowa bwino koma khoma lija linkachedwa kukhwima poyerekeza ndi amene sanadzozedwe kanthu. Bungwe la World Health Organization mu 2022 linagamula molingana ndi umboni umenewu: kwa mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo, kudzoza mafuta kutha kuganiziridwa, koma kwa khanda lathanzi lobadwa pa nthawi yake silinalimbikitse kudzoza mwachizolowezi pofuna kupewa matenda a khungu. Mafuta amodzimodzi, makanda awiri, malangizo awiri.

Wina atsutsa kuti: makolo athu ankadzola nsatsi moyo wawo wonse, khungu lawo linkawala, ndipo sanadikire mzungu wa ku Sheffield kuti awauze. N'zoona, ndipo ulemu uyenera kupita kwa iwo. Koma tiyeni tione chimene ankachita. Mayi ankakolola nsatsi, kuziyanika, kuzikazinga, kuzisinja mumtondo mpaka zitachita phala, kenaka kuziwiritsa m'madzi kwa nthawi yaitali. Mafuta akayandama pamwamba ankawayengula mosamala n'kuwasunga mu nsupa, motsekedwa, mopanda kuwala. Njere ya nsatsi ili ndi poizoni wotchedwa ricin, mmodzi mwa oopsa kwambiri opezeka m'zomera, moti njere zochepa zotafunidwa zingathe kupha mwana. Ricin sasungunuka m'mafuta, amatsalira m'madzi ndi m'zotsalira za njere, ndipo moto umamuwononga. Mayi uja dzina la ricin sankalidziwa, koma ntchito yake yonse, kukazinga, kuwiritsa, kuyengula, inkalekanitsa mafuta ndi poizoni. Makolo sankakhulupirira chomera chilichonse chifukwa chakuti chamera m'tchire. Ankadziwa mtengo uwu ndi uwo, mbali yodyedwa ndi mbali yopha, ndipo nzeruyo anaipeza pa mibadwo yambiri ya kuyesa. Munthu amene lero wagula botolo la mafuta a chomera chimene agogo ake sanachionepo, oyengedwa ndi munthu amene sakumudziwa, sakutsata makolo. Ndipo nsatsi yomweyo ili ndi malire ake. Pafupifupi magawo 90 pa 100 a mafuta ake ndi ricinoleic, asidi amene amawenga anthu ena, makamaka pamilomo, chifukwa nsatsi imaikidwa m'zopakapaka zambiri za pamilomo. Akamwedwa amatsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo kwa mayi woyembekezera angathe kuyambitsa matenda nthawi isanakwane.

Chitsutso china chimamveka chanzeru kwambiri: chimene munthu angadye, kudzola kungamuvulaze bwanji? Mtedza ndi umene ukuyankha. Mu 2003 Gideon Lack ndi anzake anafalitsa zimene anapeza potsata ana pafupifupi 14,000 a m'dera la Avon, kufupi ndi Bristol. Ana amene mtedza unkawawenga, ambiri mwa iwo ali makanda anapakidwapo mafuta okhala ndi mtedza, kawirikawiri pakhungu la zidzolo. Mu 2015 gulu la Lack lomwelo linasonyeza mbali inayo: makanda amene anayamba msanga kudya mtedza, ziwengo za mtedza zinachepa pakati pawo ndi pafupifupi 80 peresenti. Akatswiri amafotokoza kuti chitetezo cha m'thupi chimaphunzira malinga ndi khomo limene chinthu chalowera. Chikalowera m'kamwa, thupi limachilandira ngati chakudya. Chikalowera pakhungu losweka, pamene asilikali a thupi ali kale pankhondo, limachilemba m'gulu la adani, ndipo tsiku limene mwanayo adzachidye milomo imatupa, mwinanso mpweya kubanika. Phala lothira nsinjiro mwana akakwana miyezi 6 ndi mwambo wabwino, koma mafuta a mtedza pakhungu la mwana wa eczema ayi, makamaka oyengedwa pakhomo, amene amatsala ndi mapuloteni ambiri kuposa oyeretsedwa kufakitale. Pa mabotolo a kunja mtedza umabisala m'dzina loti Arachis. Komanso msewuwu umayenda mbali zonse ziwiri: pali mafuta amene khungu limawalandira koma mimba ayi. M'mafuta a njere za malambe muli ma asidi otchedwa cyclopropenoid, amene pa ziweto zoyesera anaonetsa kuti amasokoneza chiwindi, n'chifukwa chake mafutawa malo awo ndi pakhungu, osati mumphika, ngakhale ufa wa chipatso chake ndi chakudya chabwino chimene mayiko a European Union anachivomereza mu 2008. Mafuta a nimu ndiye oopsa zedi kwa ana. Madokotala a ku Malaysia analemba mu 1981 za makanda amene atamwetsedwa pang'ono chabe anayamba kusanza, kuwodzera ndi kukomoka. Khanda limayamwa zala zake, ndiye chimene chadzozedwa m'manja mwake chimathera m'kamwa.

Nkhope ili ndi nkhani yakeyake. Pankhope, pachifuwa ndi pamsana pali timabowo tambirimbiri totulutsa mafuta a thupi, ndipo achinyamata amatulutsa ochuluka kale. Kuwonjezerapo mafuta olemera monga a kokonati kungatseke timabowoto, ziphuphu n'kubuka. Mu 1970 madokotala a ku Philadelphia, Gerd Plewig, James Fulton ndi Albert Kligman, anafotokoza za tiziphuphu tothithikana pachipumi ndi m'mbali mwa nkhope mwa amuna akuda amene ankadzola mafuta a m'tsitsi tsiku lililonse. Mafuta amatsika kuchokera m'mutu ndi thukuta, ena amatsalira papilo. Kwa ife a khungu lakuda chiphuphu sichithera pomwe chaphulikira, chimasiya banga lakuda limene limatha miyezi, ndipo mabanga amenewa ndi amene amakankhira atsikana ambiri ku mafuta oyeretsa. Pa intaneti pali mindandanda yopereka manambala kuyambira 0 mpaka 5, yonena kuti mafuta akutiakuti amatseka timabowo motani. Ndi bwino kudziwa kuti manambala ambiriwo anachokera poyesa m'makutu a akalulu, amene khungu lake limatsekeka msanga kuposa la munthu, ndiye ndi chenjezo chabe, osati chigamulo. Pali mlendo winanso amene amakondwera tikadzola: yisiti wotchedwa Malassezia, amene amakhala pakhungu la munthu aliyense. Iyeyu satha kupanga mafuta ake, amadya a pathupi pathu, moti akafuna kumumeretsa m'labotale amamuthirira mafuta a azitona. Akachuluka amabweretsa mfundu, mawanga otuwa pachifuwa ndi pamsana, ndi tinsungu toyabwa tofanana ndi ziphuphu. Munthu akaona mfundu amaganiza kuti m'mutu mwauma, n'kuthiramo mafuta ambiri usiku wonse, osadziwa kuti akudyetsa chimene chikumuvutitsacho.

Ziwengo zenizeni sizichitika kwa anthu ambiri, koma zikachitika zimatha kukhala zoopsa. Mu 2018 madokotala a ku France analemba za amayi atatu amene khungu lawo linachita matuza ndi kusupuka atadzola mafuta a njere zakuda za Nigella sativa, amene amagulitsidwa m'dzina la black seed. Mafuta a njere za babchi, amene ena amadzola pofuna kubwezeretsa mtundu pamawanga oyera, ali ndi psoralen, amene akakumana ndi dzuwa amawotcha khungu ngati moto. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti ziwengo za pakhungu zimachedwa, zimaoneka patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, ndipo munthu angathe kudzola chinthu miyezi yambiri thupi lisanayambe kudana nacho. Ndiye amakana kuti si mafutawa, ndakhala ndikudzola kuyambira chaka chatha. Njira yoyesera ndi yapafupi: kudzola kadontho mkati mwa chigongono kawiri patsiku kwa masiku 7 mpaka 10, n'kumaona ngati pafiira, payabwa kapena patuluka nsungu. Nthawi zina cholakwa si njere, koma zimene zathiridwamo, makamaka mafuta onunkhira ochokera ku masamba, maluwa kapena makoko a mandimu, amene ndi gulu lina ndithu ndipo amawenga anthu ambiri kuposa mafuta a njere. Nthawi zinanso cholakwa ndi dzuwa ndi nthawi. Mafuta akakumana ndi mpweya, kutentha ndi kuwala amayamba kuwonongeka, n'kupanga zinthu zoyabwa khungu, ndipo amene amawonongeka msanga ndi a linoleic wochuluka omwe tawatama aja. Taonani tebulo la pamsika mu October: timabotolo toonekera m'kati, tina tomwe munali zakumwa, tandandalikidwa padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, popanda tsiku loyengera, popanda dzina la woyenga. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mphuno ndi imene ingathandize apa: mafuta owonongeka amamveka kafungo ka nsinjiro zokhalitsa, ndipo amanata m'khosi mwa botolo. Otero ndi otaya, ngakhale anagulidwa modula.

Chitsutso chimene ndimachilemekeza kuposa zonse ndi ichi: kafukufuku amene watchulidwayu wambiri ndi wa anthu ochepa, wachitikira kutali, pakhungu ndi nyengo zosiyana ndi zathu, ndipo kuopseza anthu osauka kuti asiye mafuta otsika mtengo kumangolemeretsa makampani a mafuta odula. Mbali yoyambayo ndi yoona. Anthu 19 a ku Sheffield si dziko lonse, ndipo mafuta a malambe, a mfula ndi a chammwamba ayesedwa pa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene akutamandidwira. Koma kuchepa kwa umboni kumadula mbali zonse. Ngati sitinganene motsimikiza kuti mafuta akutiakuti amavulaza, wogulitsanso sanganene motsimikiza kuti amachiza zipsera, makwinya, zipere ndi khansa. Mbali yachiwiriyo ndikuikana, chifukwa umboni umene ulipo ukuimira wosauka. Amene anachepetsa matenda ku Dhaka anali mafuta wamba a mpendadzuwa. Ku Philippines, mu kafukufuku wa mu 2014 wa ana 117 odwala eczema, mafuta a kokonati osayeretsedwa anachepetsa zizindikiro ndi 68 peresenti pa milungu 8, pamene mafuta a mineral oil anachepetsa ndi 38 peresenti. Kokonati yemweyo amene amatseka timabowo pankhope ya mnyamata anathandiza mikono ndi miyendo ya ana odwala. Palibe chifukwa chosiyira mafuta a njere, ndipo mlimi wa mpendadzuwa kapena mayi wotola malambe m'chigwa cha Shire ali ndi chuma chenicheni m'manja. Chimene chikusowa ndi kuyeza. Sukulu zathu za ukachenjede monga Kamuzu University of Health Sciences ndi LUANAR zili ndi anthu otha kuyesa mafuta athu pakhungu lathu, ndipo woyenga aliyense angathe kulemba pabotolo dzina la chomera, tsiku loyengera ndi zonse zimene wathiramo. Botolo lakuda losalowa kuwala ndi kapepala konena zoona zingakweze malonda amenewa kuposa malonjezo a machiritso.

Pali malo ena pamene sipafunikanso kuyeza, chifukwa yankho likudziwika kale. Munthu akapsa ndi moto, phala kapena madzi otentha, mafuta amatsekera kutentha m'kati ndi kukokera litsiro pabala. Chofunika ndi madzi ozizira oyera, othiridwa kwa mphindi 20, kenaka kuchipatala. Pamchombo wa khanda pasapite mafuta a mtundu uliwonse, pakuti ndi khomo la kafumbata ndi matenda ena a m'magazi. Pamenepo pamapakidwa chokhacho chimene achipatala apereka. Mafuta a zomera amafewetsa labala wa kondomu mpaka kung'ambika, ndiye si ogwiritsa ntchito pamenepo. Ndipo palibe mafuta a njere amene amateteza ku dzuwa. Nkhani yoti mafuta a njere za raspberry kapena za karoti ali ndi mphamvu yoteteza ku dzuwa (SPF) ya 30 kapena 50 yazungulira kwambiri, koma akatswiri a ku Slovakia atawayesa pakhungu la anthu mu 2021, pamodzi ndi a kokonati, palibe amene anafika ngakhale pa 3. Kwa ambiri bodza limeneli limangowadetsa nkhope. Kwa abale athu a khungu lachialubino, amene kalembera wa mu 2018 anawapeza okwana 134,636 m'Malawi, limatha kubweretsa zilonda za khansa ya pakhungu, imene imapha ambiri a iwo akadali achinyamata. Iwowa amafunika mafuta enieni oteteza ku dzuwa a SPF yokwera, chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali. Wogulitsa aliyense amene wakhala akuuza kholo la mwana wachialubino kuti mafuta a malambe kapena a kokonati amuteteza ku dzuwa, chonde asiye lero.